Kholingo ndi Mafupa Ake Ofewa

Munthu akhoza kugona ndi njala masiku angapo n'kudzuka wamoyo. Ludzu nalo amatha kulipirira tsiku limodzi kapena awiri. Koma mpweya ukangoduka kwa mphindi 4 kapena 5, ubongo umayamba kuwonongeka. Chodetsa nkhawa n'chakuti zitatu zonsezi, chakudya, madzi ndi mpweya, zimadzera malo amodzi kukhosi. Mpweya wa m'mphuno umatsikira chakumbuyo kenako n'kukhotera kutsogolo, kumene kuli mpope wopita kumapapo. Mbamu ya nsima imayambira kutsogolo m'kamwa n'kulowera kumbuyo, kumene kuli njira ya kumimba. Njira ziwirizi zimapingasana, ndipo pamphambano pakepo ndi pamene pali kholingo.

Ambirife tikamva za kholingo timaganiza za mawu: kuyankhula, kuimba, kululutira. N'zoona kuti mawu amabadwira m'menemo, koma ntchito yake yoyamba ndi ulonda. Liyenera kukhala lotsegula usana ndi usiku kuti mpweya udutse, komanso liyenera kutsekeka mwamsangamsanga nthawi iliyonse imene tameza, ngakhale malovu chabe. Mawu anabwera pamwamba pa ntchito imeneyi. Zamoyo zina zimatsimikiza zimenezi. M'madambo ena a mu Africa muli nsomba zokhala ndi mapapo, ndipo pakhomo pa mapapo awo pali kamnofu kozungulira komwe kamatseka kuti madzi asalowe, koma nsombazi siziimba. Tambala naye ali ndi kholingo, koma kulira kwake kwa m'bandakucha sikuchokera m'menemo ayi. Kumachokera m'kachiwalo kena kamene kali kumunsi kwa mpope wa mpweya, pafupi ndi mapapo. Kholingo la tambala ndi lolondera basi.

Pamene lili

Ikani chala pansi pa chibwano n'kutsika nacho pang'onopang'ono pakati pa khosi. Choyamba kukhudza ndi kafupa kopindika kotchedwa hyoid. Kafupa kameneka n'kachilendo, chifukwa sikalumikizana ndi fupa lina lililonse m'thupi. Kamangogwiridwa ndi minofu ndi mitsempha. Kholingo limalendewera pa kafupa kameneka. Mukatsika pang'ono mupeza chinthu cholimba chotumphukira kutsogolo, makamaka mwa amuna. Mezani malovu chala chili pomwepo: mumva chikukwera kenako n'kubwerera. Limenelo ndiye kholingo.

Khosi lili ndi mafupa 7 a msana, ndipo mwa munthu wamkulu kholingo limayambira cha pa fupa lachitatu n'kulekezera pa lachisanu ndi chimodzi. Kutalika kwake ndi masentimita 4 kapena 5 okha. Pamwamba limatsegukira kukhosi, kuseri kwa lilime. Pansi limapitirira kukhala mpope wa mpweya. Kumbuyo kwake kuli poyambira njira ya chakudya, ndipo m'mbali monsemo mumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi opita kumutu.

Makoma ake si mnofu, komanso si fupa lenileni. Ndi chicherewecherewe, fupa lofewa lija limene limaumba khutu ndi nsonga ya mphuno. Chifukwa chake n'chomveka. Mpope wa mnofu wokhawokha ukanaphwafuka nthawi iliyonse pamene tikukoka mpweya. Wa fupa louma ukanakanika kupindika pamene khosi likutembenuka, ndiponso ukanasweka msanga ukagundidwa. Fupa lofewa limaima chilili koma limalola kupindika pang'ono n'kubwerera. Wofuna kuliona ndi maso asadikire kupita kusukulu ya udokotala: tsiku lopha mbuzi atenge kholingo lake, alitsuke, aling'ambe chakumbuyo. Zigawo zimene tifotokoze pano aziona pafupifupi zonse.

Mafupa ofewa a kholingo alipo 9. Atatu ndi akuluakulu ndipo lililonse lili lokha. 6 otsalawo ndi ang'onoang'ono ndipo ali awiriawiri, lina kumanja lina kumanzere.

Atatu akuluakulu

Lalikulu pa onse ndi la thyroid, lija munalikhudza ndi chala. Lili ndi mbali ziwiri zaphanthiphanthi zomwe zimakumana kutsogolo, koma kumbuyo n'kotsegula. Pokumanirapo ndi pamene pamatumphuka. Mwa amuna mbali ziwirizi zimakumana mosongoka, pa madigiri pafupifupi 90. Mwa akazi zimakumana motambasuka, pa madigiri pafupifupi 120, n'chifukwa chake khosi la mkazi limaoneka losalala. Fupa limeneli limatchinjiriza zonse zosakhwima zomwe zili mkati, ndipo kuseri kwa nsonga yake ndi kumene kunamangiriridwa timinofu ta mawu.

Pansi pake pali la cricoid. Ili ndi mphete yathunthu, yopyapyala kutsogolo koma yotambalala ndi yayitali kumbuyo. M'njira yonse ya mpweya, kuyambira kumphuno mpaka m'mapapo, ndi lokhali limene limazungulira popanda mpata. Timafupa ta mpope wa mpweya tili ndi mpata kumbuyo kuti chakudya chikamatsika m'njira yake chipeze potukumukira. Cricoid ndiye maziko a kholingo lonse. La thyroid limakhazikika pa ilo m'mbali ziwiri, pamfundo zomwe zimalilola kuweramira kutsogolo n'kubwerera. Pakati pa awiriwa, kutsogolo, pali kampata kofewa kotsekedwa ndi kachikopa kopyapyala, ndipo mukhoza kukapeza ndi chala. Pamenepa njira ya mpweya ili pafupi kwambiri ndi khungu, motero munthu akatsekeka kumtunda mwakuti palibenso njira ina, dokotala amaboola pomwepa kuti mpweya ulowe.

Lachitatu ndi la epiglottis, looneka ngati tsamba. Phesi lake linamangiriridwa mkati mwa fupa la thyroid, ndipo tsambalo limaimirira kuseri kwa lilime. Limasiyana ndi anzake awiri aja pa mtundu. Thyroid ndi cricoid amayamba kuuma munthu akapitirira zaka 20, ndipo pofika ukalamba mbali zake zambiri zimakhala zitasanduka fupa lenileni lomwe limaoneka pa ekisire. Epiglottis siuma, imakhala yofewa ndi yotanuka moyo wonse, chifukwa ntchito yake ndi kupindika ndi kudzukanso kambirimbiri tsiku lililonse.

Ang'onoang'ono amene amagwira ntchito yaikulu

Pamwamba pa mbali yotambalala ija ya cricoid, kumbuyo, pamakhala timafupa tiwiri totchedwa arytenoid. Kalikonse n'kochepa kwambiri, koma kupuma ndi kuyankhula konse kumadalira timeneti. Kali ndi nsonga ziwiri zofunika. Ina imaloza kutsogolo, ndipo pamenepo ndi pomwe pamathera kamnofu ka mawu. Ina imaloza kumbali, ndipo pamenepo ndi pogwira minofu yokoka. Timafupa timeneti timatha kuzungulira, kutsetsereka ndi kupendekeka pamalo pomwe takhalapo.

Timinofu ta mawu tilipo tiwiri, ndipo tinayalidwa chopingasa kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Kutsogolo tinalumikizana, kumbuyo kalikonse kanagwira arytenoid yake. Tikatseguka timapanga chilembo cha V chomwe nsonga yake yaloza kutsogolo. Ma arytenoid akatalikirana, mpata umakula ndipo mpweya umadutsa. Akayandikana, mpata umatsekeka.

Pano pali chinthu choyenera kuchilingalira. Minofu yotseka mpata umenewu ilipo ingapo, koma yotsegula ndi iwiri yokha, umodzi mbali iliyonse, yotchedwa posterior cricoarytenoid. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi, kutanthauza ka 17,000 kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo pokoka mpweya paliponse minofu iwiriyi imakulitsa mpata uja, tili maso kapena tili m'tulo. Ikafa mphamvu yonse iwiri, timinofu ta mawu timatsala toyandikana. Wodwalayo amatha kuyankhula ndi mawu omveka ndithu, koma akubanika.

Pansonga pa arytenoid iliyonse pali kafupa kakang'ono kotchedwa corniculate, ndipo patsogolo pake, mkati mwa khwinya la mnofu lomwe limakwera kupita ku epiglottis, muli kena kotchedwa cuneiform. Timeneti timalimbitsa milomo ya khomo la kholingo kuti isagwere mkati. Madokotala amatitchulanso ndi mayina a akatswiri awiri: Giovanni Domenico Santorini wa ku Venice, amene anamwalira mu 1737, ndi Heinrich August Wrisberg wa ku Göttingen, amene anamwalira mu 1808.

Kumeza

Anthu ambiri anaphunzira kuti epiglottis ndiye imatseka njira ya mpweya tikameza. Izi n'zoona pang'ono chabe. Kutseka kumachitika m'magawo angapo. Ubongo umayamba waimitsa kupuma. Timinofu ta mawu timatsekana. Pamwamba pake pali makwinya ena awiri omwe satulutsa mawu, nawonso amayandikana. Ma arytenoid amaweramira kutsogolo. Nthawi yomweyo minofu ya pansi pa chibwano imakoka hyoid, ndipo kholingo lonse limakwera masentimita pafupifupi 2 n'kusunthira kutsogolo, kukabisala pansi pa tsinde la lilime. Pamenepo epiglottis imagwada n'kuvundikira khomo, ndipo chakudya chimatsetsereka m'mbali mwake kulowa m'njira yake, imene yatseguka chifukwa cha kukwera komweko. Zonsezi zimatha mu sekondi imodzi. Alipo anthu amene anachotsedwa epiglottis chifukwa cha matenda koma anaphunziranso kumeza bwinobwino, popeza kutseka kwenikweni kuli pansi.

Kadontho ka madzi kakalowa molakwika, khungu la mkati mwa kholingo limakamva pomwepo ndipo chifuwa chimabuka. Kutsokomola nako ndi ntchito ya kholingo: timakoka mpweya, timinofu timatseka, minofu ya pamimba ndi pachifuwa imafinya, kenako khomo limatseguka mwadzidzidzi ndipo mpweya umatuluka mwamphamvu n'kukankha chimene chinalowa. Kutseka komweku ndi kumene kumalimbitsa thunthu la munthu pamene akunyamula thumba la chimanga, pamene akudzithandiza, ndiponso pamene mayi akukankha mwana pobereka. Kubuula kumene timamva munthu akatula katundu ndi mpweya uja ukumasulidwa.

Mwa khanda kholingo limakhala m'mwamba kwambiri, mwakuti epiglottis imafika pafupi ndi denga lofewa la m'kamwa. Izi zimathandiza kuti liziyamwa kwinaku likupumira m'mphuno. Mwana akamakula kholingo limatsika, ndipo pamwamba pake pamatsala malo aakulu oumbira mawu osiyanasiyana. Koma kutsikaku kuli ndi mtengo wake: mphambano ija imatalika, ndipo munthu amatsamwa mosavuta.

Mawu

Mu 1741 Antoine Ferrein wa ku France anauzira mpweya m'makholingo ochotsedwa m'mitembo ndi m'nyama, ndipo anaonetsa kuti mawu amatuluka timinofu tija tikamanjenjemera. Kunjenjemerako sikuchitika chifukwa choti minofu ikutsegula ndi kutseka ulendo uliwonse. Palibe mnofu wofulumira chotero. Minofu imangoyandikizitsa timinofuto. Mpweya wochokera kumapapo umatikankha n'kudutsa, kenako kutanuka kwake pamodzi ndi kukoka kwa mpweya wothamangawo kumatibweza, ndipo zimabwerezeka choncho. Mwa mwamuna woyankhula wamba zimachitika ka 120 pa sekondi, mwa mkazi ka 200 kapena kuposerapo, mwa mwana pafupifupi ka 300. Chotuluka pamenepo ndi kulira chabe. Khosi, lilime, milomo ndi mphuno ndi zimene zimakuumba kukhala chiyankhulo.

Kusiyana kwa mawu a amuna ndi akazi kwagona pa kutalika ndi kunenepa kwa timinofuti. Ta amuna timatalika mamilimita 17 mpaka 25, ta akazi 12 mpaka 17. Mnyamata akamatha msinkhu, mahomoni amakulitsa fupa la thyroid chakutsogolo, timinofu timatalika ndi kukhuthala, ndipo mawu amatsika. Kwa miyezi ingapo amamuthawa n'kukwera mwadzidzidzi pakati pa chiganizo, chifukwa ubongo ukuphunzira kumene kuyendetsa chiwalo chomwe chasintha kukula.

Kukweza ndi kutsitsa mawu kumadalira mfundo ija ya pakati pa thyroid ndi cricoid. Mnofu wotchedwa cricothyroid ukakoka, mafupa awiriwa amayandikana kutsogolo, timinofu ta mawu timakungika, ndipo mawu amakwera. Kwa ife oyankhula Chichewa mnofu umenewu sugwira ntchito poimba pokha. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, koma khutu limasiyanitsa chifukwa cha pomwe mawu akwera. Chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la maso. Nanga "pala" ndi "phala", kapena "kola" ndi "khola"? Milomo ndi lilime zimachita zofanana. Kusiyana n'kwakuti pa "ph" ndi "kh" ma arytenoid amachedwa pang'ono kutseka, motero kampweya kamayamba kadutsa mawu asanayambe. Mwana wa zaka zochepa amaphunzira kuyendetsa timafupa timeneti molondola chotere popanda womuuza kuti tilipo.

Mtsempha woyenda ulendo wautali

Malamulo ochokera ku ubongo amafika m'kholingo kudzera m'nthambi ziwiri za mtsempha wotchedwa vagus. Nthambi ya kumtunda imalowa molunjika. Ndiyo imamva zokhudza khomo la kholingo ndi kuyendetsa cricothyroid. Nthambi inayo, imene imayendetsa minofu ina yonse, imachita zodabwitsa. Imalidutsa kholingo, n'kutsikira m'munsi, kenako n'kubwerera. Ya kumanja imazungulira pansi pa mtsempha wa magazi wopita kudzanja. Ya kumanzere imafika m'chifuwa n'kuzungulira pansi pa mtsempha waukulu wochokera kumtima. Mwa kadyamsonga ulendo umenewu umapitirira mamita 4.

Galen, sing'anga wa ku Pergamon amene ankagwira ntchito ku Rome m'zaka za m'ma 100, anaonetsa ntchito ya mtsemphawu pamaso pa anthu. Anatenga nkhumba yamoyo imene inkalira kwambiri, ndipo atadula mitsemphayi nkhumba ija inapitiriza kuphiriphitha koma mawu anatheratu. Unali umboni wamphamvu wakuti mawu amalamulidwa ndi ubongo.

Njira yokhotakhotayi ili ndi tanthauzo kuchipatala. Chotupa cha m'mapapo kapena kutupa kwa mtsempha waukulu wa magazi kukhoza kupanikiza nthambi ya kumanzere, ndipo munthu amasasa mawu pomwe kholingo lake lilibe bala. Komanso pokwera, mitsemphayi imadutsa kuseri kwenikweni kwa kachiwalo kamene kakatupa timati chithokomiro. N'chifukwa chake dokotala wochita opaleshoni ya chithokomiro amayamba waifunafuna mitsemphayi kuti aiteteze.

Kuliona lamoyo

Kwa zaka mazanamazana kholingo linkaoneka m'mitembo mokha. Amene amakumbukiridwa kuti anaona lake likugwira ntchito sanali dokotala koma mphunzitsi wa kuimba, Manuel García wa ku Spain. Mu 1854, ali ku Paris, anaika kagalasi ka madokotala a mano kukhosi kwake, n'kulozetsamo kuwala kwa dzuwa ndi galasi lina, ndipo anaona timinofu take tikutseguka ndi kutsekeka. Chaka chotsatira zimene anaona zinaperekedwa ku Royal Society ku London. Ludwig Türck wa ku Vienna ndi Johann Czermak wa ku Pest anaitenga njirayi n'kuyamba kupimira odwala mu 1857 ndi 1858. Pa 31 December 1873, ku Vienna komweko, Theodor Billroth anachotsa kholingo lonse la wodwala khansa, koyamba m'mbiri. Mu 1943 Robert Macintosh wa ku Oxford anapanga chipangizo chopindika chokhala ndi nyali chomwe chimanyamula tsinde la lilime kuti khomo la kholingo lioneke. Mpaka lero ogonetsa odwala m'zipinda za opaleshoni, kuphatikizapo m'zipatala zathu, amachigwiritsa ntchito polowetsa chubu cha mpweya.

Likavutika

Mwa khanda, njira ya mkati mwa cricoid ndi yotambalala mamilimita pafupifupi 4. Popeza mpheteyi situkumuka, kutupa kulikonse kumalowera mkati. Kutupa kwa milimita imodzi kuzungulira kumasiya mpata wa mamilimita 2, ndiye kuti magawo atatu mwa anayi a njira atsekeka. Choncho mwana amene akulira mluzu pokoka mpweya, amene pakhosi ndi pachifuwa pakulowa mkati akamapuma, kapena amene akuchucha dovu chifukwa cholephera kumeza, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Katemera wa ana amene Malawi anayamba kupereka mu 2002, woteteza ku matenda 5 pamodzi, amalimbana ndi awiri mwa adani a kholingo: kachilombo ka Hib kamene kamatupitsa epiglottis, ndi diphtheria imene imayala chikopa chotseka kukhosi.

Ana osakwana zaka 4 satha kutafuna bwino, ndipo mtedza ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimawalowa kwambiri m'njira ya mpweya. Apatseni wosinja, osati wathunthu. Munthu akatsamwa koma akutha kutsokomola ndi kuyankhula, mulimbikitseni kutsokomola. Ngati mawu sakutuluka, muweramitseni n'kumumenya ndi chikhatho ka 5 pakati pa mapewa. Zikakanika, imani kumbuyo kwake, ikani chibakera pamwamba pa mchombo n'kukokera mkati ndi m'mwamba ka 5, njira imene Henry Heimlich anafalitsa mu 1974. Pitirizani kusinthanitsa ziwirizi. Khanda losakwana chaka musalifinye pamimba: ligonekeni chafufumimba padzanja lanu mutu uli chakumunsi, limenyeni kumsana ka 5, kenako litembenuzeni n'kudina pakati pa chifuwa ka 5. Musamupatse madzi wotsamwa, ndipo musapise chala kufunafuna chimene simukuchiona.

Aphunzitsi, alaliki, oimba kwaya ndi oitanira minibasi amagunditsa timinofu tawo mwamphamvu tsiku lonse, ndipo pamene timagundanapo pamatha kumera timatuza tolimba. Mankhwala ake oyamba ndi kupumitsa mawu, kumwa madzi okwanira, ndi kuphunzira kuyankhula ndi mpweya wa m'mimba osati mofinya khosi. Kunong'ona mokakamiza si kupumitsa mawu.

Kusasa kwa chimfine kumatha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Kukapitirira masabata atatu, nkhani yasintha. Chikhoza kukhala chifuwa chachikulu chimene chafika m'kholingo, ndipo choterocho chimapatsirana mosavuta. Ikhoza kukhala khansa, makamaka mwa osuta fodya ndi omwa kwambiri, pakuti ziwirizi zikaphatikizana ngozi imakula kuposa ya chilichonse pachokha. Apa kapangidwe ka kholingo kamatikomera mtima. Khansa za m'ziwalo zambiri zamkati zimakula mwakachetechete mpaka nthawi itatha, koma pa kamnofu ka mawu ngakhale kachotupa kakang'ono kamasokoneza kunjenjemera, ndipo aliyense pakhomo amamva kuti mawu a bambo asintha. Khansa yotereyi ikapezeka idakali pa kamnofu pokha, pafupifupi odwala 9 mwa 10 amachira, ambiri osataya mawu awo. Ikachedwa, kholingo lonse likhoza kuchotsedwa, ndipo zikatero munthu amapumira pa bowo la pakhosi moyo wake wonse. Chimene chimalekanitsa odwala awiriwa kawirikawiri si mankhwala kapena dokotala, koma wachibale amene anawerenga masabata n'kunena kuti, "Atatu akwana, tiyeni akakuoneni kukhosi."